Dzaleka Asaonetsedwe mu Mdima

Pali chizolowezi china choipa chimene chamera mizu m'nyumba zina zoulutsira zithunzi za kanema m'dziko muno, ndipo nthawi yakwana yoti atsogoleri a Chipani pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma achidzudzule poyera. Nkhani ikachokera ku Nyumba ya Malamulo kapena ku hotela ina yaikulu mu mzinda wa Lilongwe, zithunzi zake zimaoneka ngwee, nkhope ya aliyense n'kumadziwika ngakhale kwa mwana. Koma nkhani ikachokera ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa, woonera amangoona zinthu za bii, mitu yopanda maso, milomo yoyenda mu mdima, ndi thambo loyera mbee kumbuyo kwake. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa sukwana makilomita 50, ndipo dzuwa lowala pa Capital Hill ndi lomwelo lowala pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Tsono mdima umenewu gwero lake ndi mphwayi za anthu, ndipo mphwayi zili ndi eni ake.

Alipo anthu amene adzanena kuti kuwala kwa chithunzi ndi nkhani yaing'ono, yosayenera kutayirapo inki pamene dziko lili ndi mavuto a feteleza, a mafuta a galimoto ndi a mankhwala m'zipatala. Anthu oterewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawo n'koopsa. Amalawi ambiri sadapondeko ku Dzaleka ndipo mwina sadzapondako. Chimene amadziwa za malowa ndi chimene kanema wawaonetsa. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Karonga akaonetsedwa chaka ndi chaka khamu la anthu opanda nkhope, mtima wake umayamba kukhulupirira kuti kumeneko kulibe aphunzitsi, kulibe atelala, kulibe ana a sukulu, kuli chikhamu choopsa choyenera kungotsekeredwa basi. Chithunzi cha mdima chimanama ngakhale mawu a mtolankhani akhale oona.

Mbiri ya Dzaleka njodziwika kwa aliyense wotsata nkhani za dziko lino. Malowa adali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mudatsekeredwa anthu ambiri a Mboni za Yehova. Dzina lenilenilo likunena za munthu wolapa kuti adzaleka. M'masiku amenewo padalibe chithunzi chotuluka m'menemo. M'chaka cha 1994 Boma, mogwirizana ndi bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo la UNHCR, lidasandutsa malowa msasa wolandira anthu othawa nkhondo m'maiko a Rwanda, Burundi ndi Congo. Msasawu udakonzedwa kuti usunge anthu osapitirira 12,000, koma pofika chaka cha 2023 chiwerengero chidapitirira 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Democratic Republic of Congo, ndi enanso ochepa ochokera ku Somalia ndi Ethiopia. Malo amene kale adabisidwa mwadala sayenera kubisikanso lero chifukwa cha ulesi wa wojambula kapena wa mkonzi.

Mtundu wa Amalawi uli ndi mbiri yonyaditsa pa kulandira alendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, dziko lino lidasunga anthu oposa 1,000,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique, m'maboma monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndipo adayamba kubwerera kwawo mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992. Nthawi imeneyo Malawi adalibe wailesi ya kanema yakeyake, pakuti Television Malawi idayamba kuulutsa mu Epulo 1999. Ntchito yaikulu yachifundo ija idajambulidwa ndi anthu akunja, amene ankasankha okha choonetsa ndi chosiya. Lero chowiringula chimenecho palibe. Nyumba za kanema zachuluka, ndipo kuchokera kumapeto kwa chaka cha 2013 dziko lidayamba kuulutsa m'njira ya dijito, anthu n'kugula dikoda yotchedwa Kiliye Kiliye, dzina lolonjeza chithunzi choyera bwino. N'chamanyazi kuti banja ligule dikoda ya dzina lotere kenaka lizionera mdima.

Kamera ikunamiziridwa

Chowiringula choyamba chimene akonzi ena amathamangira n'chakuti zithunzi za ku Dzaleka zimajambulidwa ndi achinyamata osaphunzira ntchitoyi, pa mafoni otsika mtengo, kotero palibe chimene munthu angachite. Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kakang'ono kophimbira bodza lalikulu. N'zoona kuti kachipangizo kolandira kuwala m'kamera ya foni n'kakang'ono, kosaposa chikhadabo. Kuwala kukachepa, foni imakweza mphamvu ya kuwala kofookako, monga momwe munthu amakwezera wailesi akatsegula siteshoni yakutali: mawu amakwera pamodzi ndi phokoso. Pa chithunzi, phokosolo limaoneka ngati mchenga woyendayenda pankhope ya munthu. Komanso mu mdima foni imakhala nthawi yotalikirapo potenga chithunzi chilichonse, motero wolankhula akangogwedeza mutu nkhope yake imafufutika. Koma matenda onsewa amatha kuwala kukakwanira. Mafoni ambiri a masiku ano, akagwiritsidwa ntchito panja m'mawa, amatulutsa chithunzi cha madontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, chimene chimaposa kutali mizere 576 ya kanema wakale wa mtundu wa PAL. Wachinyamata wa ku Dzaleka wanyamula m'thumba chida choposa chimene anthu ankaonera m'nyumba zawo kanema atangoyamba kumene m'dziko muno. Chimene chikusowa ndi munthu womuuza poima.

Nyumba zambiri za mu msasawu n'zazidina, zomangidwa mothithikana, za mawindo aang'ono, ndipo magetsi sali paliponse. Wojambula wosadziwa amakhazika wolankhula pakhomo kapena pawindo, kuwala kuli kumsana kwake. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse pamodzi. Ikaona khomo lowala imatsinzina monga munthu wotuluka m'chipinda masana, ndipo nkhope imada bii. Mankhwala ake salira ngakhale tambala imodzi: wojambula ndiye apereke msana ku windo, wolankhula ayang'ane kumene kuwala kukuchokera. Nsalu yoyera, pepala lalikulu la m'kalasi kapena thumba loyera la ufa, zikagwiridwa chapambali, zimabweza kuwala n'kudzaza mthunzi wa patsaya. Usiku, nyali ya sola ikasendezedwa kufika pa theka la mtunda umene inali, kuwala kwake pankhope kumachuluka kanayi. Limeneli ndi lamulo la chilengedwe lophunzitsidwa m'sukulu za sekondale. Galasi la kamera likapukutidwa ndi kansalu, utsi woyera umene fumbi la Dowa ndi thukuta la zala zimasiya pa chithunzi umachoka. Foni ikakhazikidwa pa njerwa ziwiri, kunjenjemera kumatha. Ndipo wojambula akayenda ndi miyendo kufika pafupi, m'malo mokoka chithunzi ndi zala, ubwino wake susweka.

Palinso zinthu zitatu zimene munthu angaphunzire tsiku limodzi. Choyamba, kuwala kwa dzuwa ndi kwa babu n'kosiyana mtundu: akatswiri amayeza kuwala kwa masana pa 5,600 ndi kwa babu loyaka ndi waya pa 3,200 pa muyeso wa Kelvin, ndipo ziwirizi zikasakanizidwa m'chipinda chimodzi tsaya lina limaoneka lobiriwira lina lofiirira. Chachiwiri, magetsi a dziko lino amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kanema wa kuno amaulutsa zithunzi 25 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30, muyeso wa ku America kumene magetsi amasintha ka 60. Chotsatira chake ndi mizere yakuda yoyenda pa chithunzi pansi pa machubu ndi mababu ena a LED, ndiponso kudumphadumpha pamene nyumba ya kanema ikusandutsa 30 kukhala 25. Foni yolola kutchera pa 25 iyenera kutcheredwa pamenepo. Chachitatu, kanema wa m'nyumba ndi wogona, wa muyeso wa 16 kwa 9. Chithunzi chojambulidwa foni ili choimirira chimangodzaza gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi, kwinako n'kutsala kopanda kanthu. Kutembenuza foni kuti igone ndi ntchito ya dzanja limodzi.

Khungu lakuda si vuto

Pali bodza lina limene limanenedwa monong'ona, lakuti khungu lakuda n'lovuta kujambula. Bodzali liyenera kuthetsedwa pamaso pa anthu. Kuchokera m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kakhadi koyezera mitundu kotchedwa Shirley, kokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makina ankatcheredwa kuti khungu limenelo ndilo lituluke bwino. Katswiri wa ku Canada, Lorna Roth, adalemba za mbiri imeneyi m'chaka cha 2009, ndipo adasonyeza kuti madandaulo amene adathandiza kusintha zinthu adachokera kwa ogulitsa mipando ya matabwa ndi chokoleti, amene katundu wawo wakuda sankaoneka bwino pa zithunzi. Cholakwa chidali m'chida ndi mwa amene adachipanga. Zinthu zidasintha: kampani ya Transsion, yopanga mafoni a Tecno ndi Itel amene adzaza misika ya Afirika, idatchera makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda, ndipo m'chaka cha 2021 kampani ya Google idatulutsa njira yake yotchedwa Real Tone pa cholinga chomwecho.

Amalawi eni ake adatsimikiza kale mfundoyi. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ya chigawo cha kumwera kwa Afirika m'chaka cha 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah idapambana mphotho yomweyo mu 2018. Filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba, idajambulidwa m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa, pansi pa dzuwa lomweli ndi fumbi lomweli, ndipo dziko lonse lidaona nkhope za anthu a m'midzi ya Malawi zikuwala. Mkonzi amene akunena lero kuti khungu ndilo likudetsa chithunzi akubwereza chipongwe cha atsamunda ndi pakamwa pake.

Mlandu wa akuluakulu a m'maofesi

Ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a Chipani asaganize kuti mlanduwu ngwa achinyamata ndi akonzi okha. Boma la Dowa lili madigiri pafupifupi 13 ndi theka kumwera kwa mzere wodula dziko pakati, kotero dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, ndipo miyezi yambiri masana limakhala pamwamba zedi. Pa nthawi yotere mthunzi wa mphumi umagwera m'maso, wa chipewa umaphimba nkhope yonse, ndipo thukuta limanyezimira ngati galasi. Nthawi yabwino yojambula ndi m'mawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo litapendeka. Nanga n'chifukwa ninji miyambo yambiri yopereka katundu, yotsegulira mijigo kapena zipinda za sukulu imajambulidwa dzuwa lili paliwombo? Chifukwa chake n'chodziwika: kalata imanena kuti mwambo uyamba 9 koloko, koma mlendo wolemekezeka amafika nthawi ya nkhomaliro, ana a sukulu atawauka kale padzuwa. Akafika amakhala m'tenti, mu mthunzi, kumbuyo kwake kuli bwalo lowala, ndipo madzulo amadabwa kudziona pa kanema ali chimdima cholankhula. Kusasunga nthawi ndi kusowa mwambo, ndipo kamera imangoulula.

Chinanso ndi katumizidwe. Wogwira ntchito wofulumira kuweruka amatumiza filimu pa WhatsApp kwa mnzake, mnzakeyo kwa bwana, bwana kwa mtolankhani. Pofuna kuchepetsa kulemera kwa filimu, WhatsApp imaifinya n'kutayako zina, ndipo zoyamba kutayika ndi za m'malo amdima, mmene muli mchenga uja. Filimuyo ikakonzedwa ku nyumba ya kanema imafinyidwanso, ndipo makina oulutsira m'njira ya dijito amaifinya kachitatu. Pofika pa dikoda ya munthu wa ku Mponela, nkhope yasanduka timabokosi. Komatu WhatsApp yomweyo imalola kutumiza filimu ngati chikalata popanda kuifinya, ndipo kakhadi kosungira zinthu kakhoza kukwera minibasi pa Dzaleka n'kufika ku Lilongwe m'mawa womwewo. Wantchito wa Boma amene sakudziwa zimenezi afunse, pakuti safunsa adadya phula.

Mlandu wa akonzi

Akonzi a nkhani m'nyumba zina za kanema amachimwa m'njira ziwiri. Ena amalandira filimu ya mdima n'kuiponya pa mphepo momwe yabwerera, osayesa n'komwe kuikweza kuwala kapena kuimbira wotumiza kuti ajambulenso, chifukwa m'mitima mwawo amati za ku msasa ndi momwe zimakhalira. Ena amakana chilichonse chochokera kwa achinyamata a kumeneko ponena kuti sichifika pa muyeso, kenaka nkhani iliyonse ya Dzaleka amaiphimba ndi zithunzi zakalekale za anthu ali pa mzere wa chakudya. Oyambawo amanyoza woonera, achiwiriwo amatseka pakamwa eni nkhani. Onse awiri apulumutsa mafuta a galimoto, koma awononga ulemu wa dziko.

Zoona zake n'zakuti ku Dzaleka kuli luso. M'chaka cha 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina loti Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, chimene chidakokera oimba ndi alendo zikwizikwi mu msasawu. Remy Gakwaya wochokera ku Burundi adayambitsa TakenoLAB, malo ophunzitsira achinyamata kulemba mapologalamu a kompyuta. Innocent Magambi, amene adakhala zaka zambiri ali wothawa kwawo, adayambitsa bungwe la There Is Hope, lophunzitsa ntchito zamanja othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi a m'midzi yozungulira. Bungwe la Jesuit Refugee Service layendetsa sukulu kumeneko kwa zaka zambiri. Lachiwiri lililonse msika wa pa Dzaleka umasonkhanitsa alimi ndi amalonda a m'boma la Dowa. Makolo adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wachinyamata wotha kulemba pologalamu ya kompyuta sangalephere kumva kuti windo likhale kutsogolo kwa wolankhula. Mkonzi ndiye sadavutike kumuuza.

Okonda chithunzi cha chisoni

Gulu lachitatu ndilo lochenjera kuposa onse. Awa ndi anthu ena, akunja ndi akuno omwe, amene amakhulupirira kuti chithunzi chakuda, chogwedera, ndicho chimaoneka choona ndipo ndicho chimatsegula zikwama za opereka thandizo. Kwa iwo mwana wovala yunifolomu yochapa, wowala nkhope, ndi wosathandiza pa malonda awo. Maganizo amenewa ngachabe. Mavuto a Dzaleka ngaakulu mokwanira, safuna kupakidwa mwaye. M'chaka cha 2023 bungwe la World Food Programme lidadula ndi theka thandizo la chakudya kwa anthu a mu msasawu chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Mayi wofotokoza za njala imeneyo, nkhope yake ikaoneka bwino, maso ake akakumana ndi a woonera, amakhudza mtima kuposa chimthunzi chopanda dzina. Munthu amamvera chisoni munthu mnzake; mthunzi amangouopa.

Chaka chomwecho cha 2023 chidaphunzitsa dziko phunziro lina. Mu Malichi Boma lidalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'mizinda ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, potsata ndondomeko yosunga anthu otere mu msasa, ndipo mu Meyi apolisi adayamba kuwasamutsa m'madera a mzinda wa Lilongwe. Nkhaniyi idautsa mtsutso waukulu m'dziko muno ndi kunja. Pa mtsutso wotere, wokhudza mabanja, ana ndi katundu wa anthu, mtundu umafunika kuona bwino chimene chikuchitika, kuti Boma likachita bwino liyamikiridwe ndi umboni, ndipo wantchito wina akapitirira malire adziwike ndi umboni. Chithunzi chosaoneka bwino ndi munda wa mphekesera: wina amati ndi ku Dzaleka, wina amati ndi dziko lina, wina amati n'chakale. Boma lochita zinthu poyera ndilo loyamba kupindula ndi chithunzi chowala, ndipo wokonda mdima yekha ndi amene ali ndi chobisa.

Mfundo ziwiri zoyenera kuyankhidwa

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomveka. Yoyamba njakuti anthu ena a ku Dzaleka adathawa adani amene akuwafunabe, kotero nkhope zawo siziyenera kuonekera. Izi n'zoona ndithu, ndipo wojambula aliyense ayenera kupempha chilolezo asanajambule, makamaka kwa ana ndi kwa amayi amene adachitidwa nkhanza. Koma kubisa munthu ndi ntchito yochita mwadala, mogwirizana ndi mwini wake: amajambulidwa chakumsana, kapena manja okha, kapena nkhope imafufutidwa pa kompyuta, dzina ndi mawu n'kusinthidwa. Mdima wangozi sutchinjiriza munthu, pakuti mdani wokhala ndi kompyuta akhoza kuwalitsa chithunzicho, ndipo mawu ndi dzina zimakhala zili pomwepo. Wofuna kubisika abisidwe kwathunthu. Wofuna kuoneka aoneke kwathunthu. Zapakatikati zimapweteka onse awiri.

Mfundo yachiwiri njakuti ngozi sipangana nthawi. Moto ukabuka usiku, kapena mvula yamkuntho ikagwetsa nyumba, filimu ya mdima yojambulidwa ndi munthu amene adalipo ili ndi mtengo woposa filimu yokongola yojambulidwa mawa lake. Izinso n'zoona, ndipo filimu yotere iyenera kuulutsidwa, wowerenga nkhani atanena malo, tsiku ndi mmene idapezekera. Koma mwambo wa tsiku lokumbukira othawa kwawo, umene dziko lonse lapansi limadziwa kuti umachitika pa 20 Juni chaka chilichonse, si ngozi. Kucheza ndi mphunzitsi kapena namwino si ngozi. Chowiringula cha moto wa usiku chisagwiritsidwe ntchito pophimba ulesi wa masana.

Zoyenera kuchitika

Choyamba, Unduna wa Zofalitsa Nkhani, kudzera mu ofesi yake ya m'boma la Dowa ndi atolankhani a Malawi News Agency, ukonze pepala limodzi lokha la malangizo a kajambulidwe, m'Chichewa, m'Chiswahili, m'Chifalansa ndi m'zinenero za ku Burundi ndi Rwanda, ndipo lipachikidwe m'sukulu ndi m'malo osonkhanira. Chachiwiri, Khonsolo ya Dowa ndi nthambi ya Boma yoona za othawa kwawo zikonze maphunziro a masiku ochepa, ophatikiza achinyamata a mu msasa ndi anzawo a m'midzi yozungulira, a ku Mponela ndi a ku Ntchisi, pakuti matenda a chithunzi cha mdima afalikiranso m'nkhani za misika ya fodya, za mipira ndi za misonkhano ya chitukuko m'maboma onse awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana wa ku Dowa ndi mwana wa ku Bukavu akagwirira limodzi nsalu yobwezera kuwala, nkhani za chidani zimachepa pa msika.

Chachitatu, nyumba za kanema zikhazikitse njira yolandirira mafilimu osafinyidwa, zilengeze poyera muyeso umene zimafuna, zibweze yankho kwa wotumiza, ndipo filimu ikaulutsidwa dzina la wojambula litchulidwe ngati iye wavomera, thukuta lake n'kulemekezedwa. Bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito zoulutsa mawu ndi zithunzi, lilimbikitse muyeso wa ubwino wa chithunzi, koma muyesowo ukhale makwerero okwezera achinyamata. Aliyense amene angausandutse mpanda wotsekera nkhani zosamukomera adzakhala atabweza Dzaleka ku masiku amene mtundu udalumbira kuti udawaleka. Chachinayi, akuluakulu a Boma ndi a Chipani asunge nthawi, ndipo okonza mwambo aike mipando ndi polankhulira poyang'ana kumene dzuwa lidzakhale. Wapampando amene amaonetsetsa kuti mbendera yapachikidwa bwino aonetsetsenso kuti mayi wa mu msasa amene wapatsidwa mpata wolankhula akuoneka nkhope.

Palibe pa zonsezi chofuna ngongole ya kunja, msonkhano wa ku nyanja kapena galimoto yatsopano. Zikufuna mwambo pa ntchito ndi ulemu kwa munthu. Dziko limene lasunga alendo kwa zaka zoposa 30 pa phiri limodzi la Dowa, likugawana nawo nkhuni, madzi, msika ndi chipatala, lili ndi ufulu woti ntchito imeneyi ioneke monga ilili, zabwino ndi zovuta zomwe. Mkonzi aliyense, wantchito wa Boma aliyense ndi mtsogoleri aliyense wa Chipani amene adzalola chithunzi china cha bii kuchoka ku Dzaleka masana dzuwa likuswa mtengo, adziwe kuti wasankha yekha kutero, ndipo ayenera kufunsidwa chifukwa chake.